Tulo tathu tathera pa foni

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo za mafoni amakono, amene ambiri a ife sitisiyana nawo kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi mmene akukhudzira thanzi la matupi athu ndi la maganizo athu. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala kuno ku Zomba, mzinda umene misewu yake imadzaza ndi achinyamata a ku University of Malawi, a ku Domasi ndi a m'masukulu a sekondale, kotero kuti zimene ndilembe pano munthu aliyense wodutsa ku Chikanda, ku Matawale kapena ku Chinamwali angazione yekha atayang'anitsitsa. Mfundo yanga ndi yakuti pa zonse zimene foni yamakono yatilanda, chachikulu ndi tulo, ndipo mavuto ena ambiri amene tikudandaula nawo, a m'thupi ndi a mumtima omwe, akukulira pamenepo.

Mukamva anthu akukambirana za kuopsa kwa foni m'minibasi kapena pabawo, nkhani imene imakula ndi yakuti mphamvu yosaoneka yochokera m'foni imawononga ubongo ndi kuyambitsa khansa. Mantha amenewa ali ndi pochokera, pakuti m'chaka cha 2011 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization inaika mafunde a foni m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse nthendayi. Komabe kauniuni wamkulu amene bungwe lomwelo linapempha akatswiri kuti achite, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2024, sanapeze umboni wakuti kugwiritsa ntchito foni kumabweretsa khansa ya mu ubongo. Pamene tatanganidwa ndi kuopa chinthu chimene umboni wake ukusowa, tikulekerera chimene chikuchitika m'nyumba zathu usiku uliwonse.

Sindine mmodzi wa anthu amene amalakalaka kubwerera ku nthawi ya makalata a ku positi. Mayi wa ku Jali amalandira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money kuchokera kwa mwana wake wa ku Lilongwe tsiku lomwelo, wodwala amafunsa malangizo ku Chipatala Cha Pa Foni osawononga ndalama yoyendera, ndipo pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, foni ndi imene inathandiza mabanja ambiri kudziwa amene apulumuka ndi kumene athawira. Ubwino umenewu palibe angaukane, ndipo sindikhalitsapo.

Thupi la munthu lili ndi nthawi yakeyake imene imayendera kuwala ndi mdima. Kunja kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin, timene timauza thupi kuti nthawi yopuma yakwana, koma kuwala kogunda m'maso usiku kumachedwetsa timadzi timeneti, ndipo galasi la foni timaliika pafupi ndi maso kuposa nyali ina iliyonse m'nyumba. Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti kuwalako ndi gawo laling'ono chabe la vutoli, pakuti chimene chimagwira munthu kwenikweni ndi zimene zili m'katimo. Nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, ndipo kale wailesi ya MBC inkatseka usiku, munthu n'kudziwa kuti basi, zatha, kagone. TikTok, Facebook ndi Instagram zilibe tsamba lomaliza, ndipo izi sizinachitike mwangozi. Njira yakuti zithunzi ndi makanema zizingobwera popanda pothera munthu akamakankha chala anaiyambitsa katswiri wina wa ku America, Aza Raskin, m'chaka cha 2006, ndipo mwiniwakeyo pambuyo pake ananena poyera kuti akumva chisoni ndi mmene njirayi ikudyera nthawi ya anthu. Makampani amenewa amapeza phindu kudzera m'malonda amene amationetsa, choncho mphindi iliyonse imene takhala maso ndi ndalama kwa iwo. Mwana wa Fomu 3 amene akulephera kuika foni pansi sakulimbana ndi ulesi wake wokha ayi, akulimbana ndi akatswiri ophunzira kwambiri amene amalipidwa kuti iye asaiike pansi.

Kwathu kuno pali zinthu zina zimene zikuwonjezera moto. Choyamba ndi mtengo wa intaneti, umene umakankhira anthu osauka ku mabandulo ausiku chifukwa ndiwo otsika mtengo. Wophunzira amene ndalama yake ya mwezi ndi yochepa amadikira kuti usiku ukhwime kuti atsitse zowerenga za m'kalasi, zimene n'zomveka, koma akatsitsa sagona, chifukwa bandulo imene wagula imatha mphamvu kukacha ndipo mtima umamuuza kuti kuisiya n'kutaya ndalama. Chachiwiri ndi kuzimazima kwa magetsi: akayaka 11 koloko usiku nyumba yonse imadzuka kukatchaja, ndipo foni ikangoyaka munthu amafuna aone zonse zimene zamudutsa tsiku lonse. Chachitatu, chimene ndikuona kuti sitichiganizira mokwanira, n'chakuti ife ndife anthu olawirira. Mayi wogulitsa mandasi amadzuka 4 koloko kukakazinga, wamatimati amathamangira ku Thondwe kapena ku Songani kusanache, mlimi nthawi ya dzinja amalowa m'munda mbandakucha, ndipo mwana wa sukulu yoyendera amayamba ulendo dzuwa lisanatuluke. Nthawi yodzuka sitingaisunthe, pakuti tambala sadikira kuti bandulo ithe. Ndiye ola lililonse limene tapereka kwa foni usiku limachotsedwa pa tulo basi, palibenso pena polibwezera.

Akatswiri a zaumoyo amati munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, pamene wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Tulo si kungotseka maso. Ndi nthawi imene ubongo umasanja ndi kusunga zimene munthu waphunzira masana, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo thupi limakonza zimene zawonongeka. Kusowa tulo kwa nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kunenepa kosayenera, matenda amene kale tinkati ndi a anthu olemera koma lero adzaza m'zipatala zathu. Monga mphunzitsi, chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ophunzira. Mwana amawerenga mwakhama mpaka 9 koloko, kenaka n'kudzipatsa mphoto yoonera makanema mpaka 1 koloko, osadziwa kuti akufufuta ndi dzanja lake zina mwa zimene wawerenga, ndipo mayeso a MSCE akatuluka makolo amaloza chala aphunzitsi, aphunzitsi n'kuloza boma, koma palibe amene amafunsa kuti mwanayo ankagona nthawi yanji. Munthu wosagona amapsanso mtima msanga, amaiwala, ndipo kankhani kakang'ono amakaona ngati phiri. Mikangano ina ya m'mabanja imene ankhoswe amatopa nayo imayambira pa anthu awiri otopa amene aliyense wagona mochedwa atatembenukira ku foni yake.

Za khosi ndi msana ndinene mwachidule. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5 ukakhala chilili, koma dokotala wina wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera mu 2014 kuti munthu akaweramitsa mutu kwambiri, monga timachitira poyang'ana foni ili pamiyendo, khosi limasenza mphamvu yofika makilogalamu 27. Uku ndi kulemera koposa ndowa yodzaza ya malita 20, ndipo mayi aliyense wotunga madzi akudziwa kuti ndowa imasenzedwa khosi lili njo, osati litapindika. Nzosadabwitsa kuti anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20 ayamba kudandaula khosi, mapewa ndi litsipa ngati nkhalamba.

Maso nawo akulipira. Munthu akayang'anitsitsa galasi amaphethira mochepa kuposa nthawi zonse, choncho maso amauma, amayabwa ndi kufiira. Madokotala a maso amalangiza kuti mphindi 20 zilizonse munthu aziyang'ana chinthu chakutali, cha pa mtunda wa mamita 6, kwa masekondi 20, ndipo kwa ife a ku Zomba chinthu chakutali sichisowa, phiri lili pomwepo. Kwa ana, kukhala panja padzuwa kumathandiza kuteteza maso ku vuto losaona patali, vuto limene lakula kwambiri m'maiko a ku Asia kumene ana amakhala m'nyumba ndi mabuku ndi magalasi a foni ndi a kanema tsiku lonse. Makutu ndiye tawaiwaliratu. World Health Organization imachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pa chiopsezo chowononga makutu awo chifukwa chomvera nyimbo mokweza kwambiri, ndipo tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Mukakhala m'minibasi n'kumamva bwinobwino nyimbo yochokera m'mahedifoni a mnzanu woyandikana naye, dziwani kuti khutu lake likuwonongeka.

Pamsewu foni imapha kumene. Bungwe lomweli limanena kuti woyendetsa galimoto amene akugwiritsa ntchito foni ali pa chiopsezo chochita ngozi chochuluka pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwiritsa ntchito. Imani pang'ono m'mbali mwa msewu wa M3 pa Chinamwali, muone wakabaza wa njinga yamoto akuyendetsa ndi dzanja limodzi, lina lili pakhutu, kumbuyo atanyamula mayi wobereka mwana, ndipo muonenso woyenda pansi akuwoloka maso ali pagalasi, makutu atatseka. Okwera timangokhala chete poopa kuoneka amwano, chikhalirecho moyo umene uli pangozi ndi wathu.

Tsopano ndifike pa za mumtima, zimene sizioneka ndi maso koma ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Kale munthu ankadziyerekeza ndi anansi ake, anthu amene ankadziwa mavuto awo, ngongole zawo ndi denga lawo lodontha. Lero mtsikana wa ku Sadzi amene wamaliza sukulu koma ntchito ikusowa amadziyerekeza ndi mazana a anthu amene amangomuonetsa tsiku lawo labwino: chovala chatsopano, ukwati wa pa hotela, ulendo wa kunyanja, galimoto imene mwina ndi yobwereka. Amaziona zimenezi usiku, ali yekha, atatopa, nthawi imene maganizo a munthu amakhala ofooka, ndipo amagona ndi mtima wakuti aliyense zikumuyendera kupatula iye. Mu Meyi 2023 mkulu wa zaumoyo wa dziko la America pa nthawiyo, Vivek Murthy, anatulutsa chenjezo limene linatchula kafukufuku woonetsa kuti achinyamata othera maola oposa 3 pa tsiku pa masamba a mchezo amakhala ndi chiopsezo chowirikiza kawiri cha zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa. Akatswiri akutsutsanabe ngati foni ndiyo imabweretsa kukhumudwa kapena munthu wokhumudwa kale ndiye amathawira ku foni, koma kwa kholo mtsutso umenewu susintha kanthu, chifukwa mbali iliyonse imene ili yoona, mwana wogona ndi foni m'manja usiku wonse akufunika munthu womufunsa chimene chikumusautsa.

Pali khalidwe lina limene ndikupempha kuti tilidzudzule mosabisa mawu, ndilo la kufalitsa imfa pa WhatsApp. Mwambo wathu unali wakuti uthenga wa maliro umanyamulidwa ndi munthu, amene amayamba wafika kwa mwinimbumba ndi kwa mfumu, ndipo wofedwa amauzidwa atakhazikidwa pansi, pali anthu omugwira. Makolo athu sanawerenge mabuku a za maganizo, koma ankadziwa kuti mtima wa munthu ungathe kusweka ndi uthenga wobwera mwadzidzidzi, ndipo anamanga mpanda wouteteza. Lero ngozi ikachitika pamsewu wa ku Liwonde, anthu oyamba kufika amatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula ovulala m'malo mowanyamula, ndipo pasanathe mphindi zochepa chithunzi cha mtembo chili m'magulu a mpingo, a kuntchito ndi a anzathu a kusukulu. Mayi amazindikira malaya a mwana wake pa foni ali pamsika. Mwana wa sukulu yogonera amaona chithunzi cha bambo ake pa status ya msuweni, pansi pake atalemba kuti muuse mumtendere, kwawo asanamuimbire n'komwe. Bala lotere silipola msanga, ndipo ngakhale ife amene si abale ake a womwalirayo, kuona mitembo ndi magazi tsiku ndi tsiku tisanagone kumatisiya ndi mantha amene sitidziwa kumene achokera, kapena kumatiumitsa mtima mpaka imfa ya munthu kusanduka nkhani yocheza. Wotumiza amati akudziwitsa anthu, koma kunena zoona akungofuna kukhala woyamba.

Chimodzimodzi ndi zithunzi zamseri zimene chibwenzi chikatha zimatayidwa pagulu. Amene amanyozedwa ndi mtsikana, amene amasiya sukulu ndi mtsikana, pamene wofalitsayo ndi mazana amene atumiza kwa anzawo amayenda mutu uli m'mwamba. Anthu ambiri sadziwa kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kunyazitsa munthu kudzera pa intaneti, ndipo wolakwiridwa ali ndi ufulu wokadandaula ku polisi.

Juga nayo yalowa m'thumba. Kale wotchova juga ankayenera kupita kumalo ake, anthu n'kumamuona, manyazi n'kumubweza. Lero kubetcha mpira ndi kuseweretsa kandege kumachitika pabedi pakati pa usiku, ndalama ikuchoka mu foni yomweyo popanda kuigwira m'manja, ndipo ndalama imene sunaigwire siipweteka poitaya mpaka m'mawa. Ndalama ya lendi, ya fizi ndi ya ku banki m'khonde zimathera m'menemo, kenaka pamabwera katapila, kenaka kubisala ndi kunama. Ziwerengero zimene apolisi amatulutsa zimaonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Sindikunena kuti foni ndiyo ikupha anthuwa, koma mwamuna amene tinamulera kuti asamalire pagulu, tikamupatsa chida chotayira ndalama mwamseri ndi kumulanda tulo, tamuika pamalo oterera. World Health Organization imawerengera kutchova juga kosaletseka m'gulu la matenda, ndipo mu 2019 inavomereza kuti kukodwa ndi masewera a pakompyuta ndi pafoni nakonso ndi nthenda yofunika chithandizo. Munthu wotere tisamangomutcha chitsiru, timutengere kwa aphungu.

Akuluakulufe timakonda kuloza ana, koma foni yoyamba mwana amailandira kuchokera m'manja mwathu. Malangizo a World Health Organization a 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa galasi la kanema kapena la foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Pitani kusikelo mukaone ana angati akutontholetsedwa ndi makatuni. Mwana amaphunzira kuyankhula poyang'ana nkhope ya mayi ake, kumva mawu ndi kuyankhidwa akachita chibwibwi, ndipo foni siyankha. Nanga bambo amene amadya nsima ndi dzanja limodzi, lina likukankha galasi, angamuuze chiyani mwana wake? Kutchalitchi timati tikutsegula Baibulo la mu foni, koma woyandikana nafe amaona kuti ndi mpira wa ku England. Kumanda, abusa akulalikira, theka la anthu okhala pansi pa mitengo maso ali pamiyendo.

Maiko ena ayamba kuchitapo kanthu. France inaletsa mafoni m'masukulu a ana osapitirira zaka 15 mu 2018, UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, mu 2023 inalangiza kuti foni izilowa m'kalasi pokhapokha ikuthandiza maphunziro, ndipo mu Novembala 2024 nyumba ya malamulo ya Australia inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Kwathu lamulo lotere lingavute kulitsata, chifukwa foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse ndipo nambala yake inalembetsedwa ndi chiphaso cha kholo. Zimene tingathe ndi zapafupi. M'nyumba, mafoni onse, kuyambira ya bambo, azigona malo amodzi kunja kwa zipinda zogona nthawi imene banja lagwirizana. Ndikudziwa kuti wina anena kuti foni ndiyo tochi yake ndi wotchi yomudzutsa, ndiponso kuti akuba amakola mafoni pawindo, koma tochi ndi wotchi zilipo pamsika wa Zomba pa mtengo wochepa, ndipo kabati yokhoma imasunga foni bwino kuposa pansi pa pilo.

Kwa bungwe la MACRA ndi makampani a mafoni, pempho langa ndi lakuti aunikenso nkhani ya mabandulo ausiku. Ndikumvetsa kuti usiku netiweki imakhala yopepuka ndipo n'chifukwa chake amatsitsa mtengo, koma ngati wophunzira wosauka angapeze intaneti yotsika mtengo pokhapokha atagulitsa tulo take, ndiye kuti mtengowo sunatsike, wangosamukira pa thanzi lake. Bandulo ya ophunzira yogwira ntchito masana ndi madzulo ingathandize kwambiri. Akuluakulu oyang'anira masewera a juga nawo aone malonda a kubetcha amene adzaza m'mawailesi nthawi ya mpira, pamene ana ali tcheru.

Pempho lomaliza likupita ku Unduna wa Zaumoyo. Alangizi a zaumoyo amene amaphunzitsa amayi kusikelo za katemera, kadyedwe ndi kugona m'masikito awonjezerepo mphindi zochepa za foni ndi tulo, chifukwa iwowa ndi amene amafika m'midzi ya ku Chingale ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kumene nyuzipepala siifika. Ndipo wachinyamata akabwera kuchipatala akudandaula litsipa losatha, khosi, kuthamanga kwa mtima kapena kufooka, malungo atayezedwa osapezeka, dokotala asanalembe panado ayambe wamufunsa nthawi imene amagona ndi malo amene foni yake imakhala usiku.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Matawale, Zomba